Kupeza mlingo woyenera wa ALT ndi AST mu labu yanu

Mwafunsa momwe labu ingadziwire mlingo wabwinobwino wa ALT, AST, ALP ndi GGT (ma enzyme omwe amayezedwa m'magazi poona mmene chiwindi chilili) kwa anthu a kwanuko. Malangizo a CLSI (bungwe lolemba miyezo ya ntchito za m'malabu) otchedwa EP28 amayenda chonchi.

Choyamba, pezani anthu athanzi osachepera 120 pa gulu lililonse, amuna paokha, akazi paokha. Ntchito yagona apa. Chotsani odwala hepatitis B kapena C, omwa mowa kwambiri, amayi oyembekezera ndi amene akumwa isoniazid wa TB. Munthu amaoneka wanyonga chiwindi chikuvutika mwakachetechete, ndiye funsani mofatsa. Ana asalowe pagulu la akulu, poti ALP yawo imakwera chifukwa mafupa akukula.

Kenako tengani magazi mofanana kwa onse. Seramu (madzi otsala magazi akaundana) ikaoneka yofiirira, itayeni: maselo ofiira asweka ndipo AST ikwera monama.

Yezani pa makina amodzi. Sanjani zotsatira kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu, mudule 2.5% pansi ndi 2.5% pamwamba. Zapakatizo ndiye mlingo wanu.

Ngati mukungotsimikizira mlingo wa opanga makina, anthu 20 akwana. Opitirira awiri akagwera kunja kwa mlingowo, yezaninso ena 20 musanaulandire.