Musanayambe kunyamula zitsulo, yesani kunyonyomala kaye

Anzanga amene mwangoyamba jimu, musathamangire zolemera musanaone mmene thupi lanu likupindikira. Pali njira yoyezera yotchedwa Functional Movement Screen, imene Gray Cook ndi Lee Burton anayambitsa ku America. Ili ndi mayeso 7, aliwonse amawapatsa mapointi kuyambira 0 mpaka 3, onse pamodzi 21. Mukamva ululu, ndi 0 basi, ndipo pamenepo kaonaneni ndi achipatala, osakakamira.

Amodzi mungayese pakhomo pompo. Tengani mtengo wa mopu, muukweze pamwamba pa mutu manja atawongoka, mapazi atalikirane molingana ndi mapewa, kenako nyonyomalani pang'onopang'ono mpaka pansi. Wina akujambuleni pa foni, chakutsogolo ndi cham'mbali, chifukwa nokha simungadzione. Kodi zidendene zikunyamuka? Mawondo akugwera mkati? Mtengowo ukupendekera kutsogolo?

Zidendene zikamanyamuka, kawirikawiri vuto limakhala akakolo ouma. Ikani kathabwa pansi pa zidendene n'kuyesanso. Zikaphweka, yambani kufewetsa akakolowo: imani pafupi ndi khoma, kankhirani bondo kutsogolo mpaka ligunde khomalo chidendene chili pansi, kakhumi mwendo uliwonse tsiku ndi tsiku. Mwendo umene ukukanika kwambiri muziupatsa nthawi yochulukirapo.