Akakuitanani ku gofu, jinzi musiye kunyumba

Tsiku langa loyamba kuponda pabwalo la gofu kunja kuno ndinatchena kwabasi. Abwana anali atatiitana tonse ku masewera a kampani, ndiye ine ndinatulutsa jinzi yatsopano, tisheti yodula, ndi nsapato zachikopa zosongoka zomwe ndinazipolisha mpaka kumadziwonerapo nkhope. Bambo wa pakauntala anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi, n'kundiuza motsitsa mawu kuti pabwalo sindingalowe nditavala chomwecho. Ndinagula buluku ndi malaya m'sitolo yawo yomweyo, pamtengo woti ndikaukumbukira mpaka lero mutu umandiwawa. Nsapato anachita kundibwereka mnzanga amene anali ndi zapadera m'galimoto.

Apo m'pamene ndinadziwira kuti ku gofu kutchena ndi kuvala moyenera n'zinthu ziwiri zosiyana. Mutha kuvala zovala za ndalama zambiri n'kubwezedwa pakhomo, mnzanu wovala zotchipa n'kudutsa popanda womufunsa. Ndipo kaya muli ku South Africa, ku Britain, ku Ireland kapena ku America, tsiku lina mudzapezeka pamalo amenewa: mwina kuitanidwa ndi abwana, mwina phwando laukwati lomwe alikonzera m'nyumba ya kalabu, mwinanso ntchito yeniyeni.

Choyamba kuchidziwa n'chakuti malamulo a masewera a gofu, omwe amalembedwa ndi bungwe la R&A la ku St Andrews ku Scotland pamodzi ndi USGA ya ku America, sauza munthu kuti avale malaya a mtundu wanji. Za zovala amagamula ndi eni kalabu, iliyonse payokha. N'chifukwa chake bwalo la khonsolo ya mzinda, lomwe aliyense amalipira n'kusewera, likhoza kukulolani ndi tisheti, pomwe kalabu ya mamembala okhaokha yomwe ili tsidya lina la msewu womwewo ikufunsani ngakhale mtundu wa masokosi. Pafupifupi kalabu iliyonse imalemba malamulo ake pa intaneti, pa tsamba la alendo. Werengani, ndipo mukakayika imbani foni ku pro shop, kasitolo kaja kogulitsa zipangizo komwenso osewera amalembetsera. Safunsa anadya phula, ndipo funso limeneli amalimva tsiku lililonse, palibe amene angakusekeni.

Nkhani yaikulu ili pa nsapato, ndipo pamenepa ine ndili kumbali ya eni kalabu, chifukwa lamuloli lili ndi mutu. Kapinga wozungulira dzenje, yemwe amamutchula kuti green, amametedwa mpaka kutsala mamilimita atatu kapena anayi okha. Kapinga ameneyu amathiriridwa, kudyetsedwa feteleza ndi kusalazidwa ngati mwana wakhanda, popeza pamenepo mpira umayenda pang'onopang'ono ndipo kachibowo kakang'ono kapena kaudzu kozuka kamaupatutsa. Munthu mmodzi wovala nsapato zolakwika akhoza kuwonongera masewera anthu onse obwera m'mbuyo mwake tsiku limenelo.

Kale osewera ankavala nsapato za misomali yachitsulo kunsi kuti asaterereke pomenya mpira. Misomaliyo inkang'amba kapinga, kukanda matabwa a milatho ndi kubowola makapeti a m'nyumba. M'zaka za m'ma 1990 kunabwera timano tapulasitiki tofewa tomangirira kunsi kwa nsapato, ndipo makalabu ambiri analetseratu zachitsulo. Akatswiri ena a mipikisano ikuluikulu amazivalabe, koma inu ndi ine sitili m'gulu limenelo. Choncho mukapeza nsapato za gofu zakalekale zikugulitsidwa motchipa, zitembenuzeni kaye muone kunsi. Ngati zili ndi misomali yachitsulo, funsani ngati imamasuka kuti muikemo yapulasitiki. Ikakhala yosamasuka, zisiyeni.

Mtundu wina ndi nsapato zopanda misomali n'komwe, zokhala ndi timabamphu ta labala kunsi. Zimenezi zinatchuka kuchokera mu 2010, pamene katswiri wa gofu Fred Couples, ali ndi zaka 50, anasewera nazo za kampani ya Ecco pa mpikisano waukulu wa Masters ku Augusta ku America, anthu n'kumadabwa kuti mkuluyu wabwera ndi nsapato zoyendera m'tawuni. Kwa munthu amene akungoyamba, izi ndi zomwe ndingalangize, chifukwa mutha kuzivalanso kwina. Kuipa kwake, paudzu wonyowa ndi pamalo otsetsereka sizigwira ngati za timano.

Nanga ngati mulibe nsapato za gofu ndipo mwangoitanidwa kamodzi? Makalabu ambiri amalola nsapato zothamangira zoyera bwino, zokhala ndi pansi pafulati, koma ena okhwima salola, ndiye funsani. Zomwe sizilowa paliponse ndi nsapato za mpira wamiyendo kapena wa rugby, jombo zolemera za mano akuluakulu, mapatapata, ndi nsapato za zidendene zosongoka za amayi. Zachikopa za ku ofesi, ngati zanga zija, n'zoterera, mutha kugwa anthu akuona. Musaiwalenso kuti kuzungulira maenje onse 18 kumatenga maola anayi kapena kuposa, ndipo wapansi amayenda makilomita pakati pa 6 ndi 10. Nsapato yatsopano yomwe simunaivalepo idzakutulutsani matuza musanafike theka. Kumayiko a mvula ndi mame ngati Britain ndi Ireland, gulani zosalowa madzi.

Pali kachikhalidwe kena komwe kamatipezetsa: kukokera mapazi. Pa green nyamulani phazi poyenda, musapotokole chidendene, ndipo musaponde mzere womwe mpira wa mnzanu udutse popita kudzenje. Kuyambira mu 2019 malamulo amalola wosewera kukonza pomwe nsapato zawononga pa green, zomwe kale zinali zoletsedwa ngati zili panjira ya mpira wake, koma zimenezo si chilolezo choti muzilima.

Za kumtunda sizivuta. Malaya ndi a kolala, gofu sheti yomweyi, ndipo dzinalo silinabwere mwangozi. Makalabu ambiri masiku ano amalolanso malaya a kakhosi koimirira ngati aja amavala Tiger Woods. Apisireni m'buluku, mumange lamba. Jezi ya timu ya mpira, vesiti yopanda manja kwa abambo, ndi tisheti ya zilembo zikuluzikulu, zonsezi zisiyeni. Kukazizira, juzi wamba pamwamba pa malayawo ndi yokwanira.

Kumunsi, buluku la nsalu wamba kapena kabudula wosokedwa bwino wofika cha m'mawondo. Jinzi ndiye mdani wamkulu, ngakhale yakuda, ngakhale yodula chotani. Tirakisuti, kabudula wa kunyanja ndi akabudula aja a matumba otukuka m'mbali nawonso amakanidwa m'malo ambiri. Kenako pamabwera masokosi, pomwe ine ndimaseka ndekha. Pali makalabu, makamaka akale a ku Britain, South Africa ndi Australia, omwe amati ukavala kabudula masokosi akhale oyera, ena amati afike m'mawondo, enanso amakana timasokosi tobisala m'nsapato. Lamulo limeneli silitchinjiriza udzu kapena munthu, ndi mwambo chabe. Komabe pakhomo pa eni sungatsutse, choncho ponyani masokosi oyera m'chikwama, kapena valani buluku lalitali nkhani ithere pomwepo.

Kwa inu amayi ndi achemwali, malamulo ambiri amati malaya akhale ndi kolala kapena manja, chimodzi mwa ziwirizi chisasowe. Siketi ya gofu imakhala ndi kabudula mkati, ndipo ndi yabwino chifukwa masewerawa ndi owerama pafupipafupi. Buluku ndi kabudula nazonso zimaloledwa. Malegini paokha makalabu ena amawakana. Ngakhale bungwe la akatswiri achizimayi la LPGA mu 2017 linauza osewera ake kuti aziwavala mkati mwa siketi kapena kabudula basi. Diresi yaitali yofika kumapazi si kuti imaletsedwa paliponse, koma imakoka mame ndipo imasokoneza pomenya mpira.

Mukatuluka pabwalo n'kulowa m'nyumba ya kalabu, malamulo amasinthanso. Abambo vulani kapusi pakhomo. Pabwalo pomwepo chipewacho chivaleni choloza kutsogolo. Zovala zonyowa ndi nsapato zamatope sizilowa m'chipinda chodyera, n'chifukwa chake pakhomo pamakhala burashi kapena paipi ya mpweya yochotsera udzu. Makalabu ena sakondwa kuona munthu akusinthira nsapato pamalo oimika magalimoto, amafuna mukasinthire m'chipinda chosinthira. Ena akale kwambiri, monga Muirfield ku Scotland, amafuna jekete ndi tayi kuti mlendo akhale patebulo la nkhomaliro, ndipo ku Japan makalabu ambiri amayembekeza kuti mufike pakhomo mutavala jekete. Apa ndiye suti yanu ija ipeze ntchito. Ngati mwaitanidwa ku ukwati kapena msonkhano wochitikira pa kalabu, funsanibe za jinzi, ndipo amayi a zidendene musatsike kukajambulitsa pa green, ngakhale pakongole bwanji.

Zoona, zinthu zikufewa. Mu Novembala 2019, chifukwa cha kutentha, akatswiri analoledwa kusewera atavala akabudula pa mpikisano wa European Tour ku Leopard Creek ku South Africa, chinthu chomwe chinali chisanachitikepo pa mipikisano yawo. Mu 2020 Tyrrell Hatton anapambana chikho ku Wentworth ku England atavala juzi ya chipewa, akuluakulu ena n'kung'ung'udza masabata angapo. Makalabu ambiri aona kuti kukhwimitsa kumathamangitsa achinyamata, ndipo afupikitsa malamulo awo. Koma musatengere za pa TV. Membala wa zaka makumi awiri akapyola malire amangomunong'oneza. Mlendo amamubweza, ndipo manyazi amagwera amene anamuitana, chifukwa m'makalabu ambiri membala ndiye amayankha pa zochita za mlendo wake. Ngati wakuitanani ndi bwana wanu, mukuona nokha pamene nkhaniyi ikulowera.

Abale amene mukukafuna ntchito pamabwalo amenewa, nanunso zikukukhudzani. Pokaonana ndi olemba ntchito valani monga wosewera: gofu sheti, buluku, lamba, nsapato zotseka. Osamala udzu amafunika jombo zotchinjiriza zala chifukwa cha makina, ndipo ku Britain ndi ku South Africa malamulo a chitetezo pantchito amati zovala zodzitetezera zotere apereke ndi wolemba ntchito, osati kukudulani pamalipiro. Mukamagula nokha, sankhani za mano aafupi, poti mudzaponda nazo pa green m'mawa uliwonse. Onyamula zikwama za osewera, ma caddie, kawirikawiri amapatsidwa kachovala kapamwamba kapena ovolosi ya kalabu, koma nsapato zimakhala zanuzanu: zafulati, zopepuka, zosalowa madzi, popeza tsiku lotanganidwa mutha kuzungulira bwalo kawiri chikwama chili paphewa.

Pogula musathamangire m'sitolo ya kalabu monga ndinachitira ine. Masitolo akuluakulu a zamasewera ali ndi gofu sheti ndi mabuluku otchipa omwe amadutsa pakhomo lililonse, ndipo m'masitolo ogulitsa zovala zomwe ena anavalapo kale, makamaka m'madera okhala anthu opuma pantchito, zovala za gofu zimangoti mbwee. Dzina la kampani pachifuwa palibe amene amalifunsa. Nsapato zokha ndi zomwe ndingati gulani zatsopano, ndipo muziyese madzulo mapazi atatupako, mutavala masokosi omwe mudzasewere nawo.