Kamera Yasiya Kunjenjemera pa Paipi Yojambulira Galimoto

Ndinkafuna chithunzi chija galimoto imaoneka bwinobwino pomwe msewu ndi matayala zikuoneka ngati zili paliwiro. Ndinamata paipi ya aluminiyamu ya mamita 3 pa boneti ndi zomatira ziwiri zonyamulira magalasi (zija zalabala zomwe zimamata ukachotsamo mpweya), kamera n'kuimanga kunsonga ndi bawuti ya 1/4-20, yomwe imalowa pansi pa makamera ambiri. Zithunzi zonse zinkatuluka mbuu, nambala ya galimoto osawerengeka n'komwe.

Ndinalimbitsa mabawuti, osathandiza. Nditafupikitsa nthawi ya shutter (nthawi yomwe kamera imalowetsa kuwala pojambula), galimoto inaoneka bwino, koma liwiro lonse linasowa.

Vuto linali paipiyo. Ikatalika, nsonga yake imanjenjemera ngati bango pamphepo. Ndiye ndinagula chomatira chachitatu, n'kuchimata pafupi ndi windisikirini, kenako ndinalumikiza ndodo yaifupi kuchoka pamenepo kukafika pakati pa paipi. Zinapanga makona atatu. Apa ndi pamene panagona nkhani. Nditaigogoda ndi chala, nsonga ija inangoti zii, pomwe kale inkagwedezeka kwa masekondi angapo. Musanamate, pukutani boneti ndi kansalu konyowa, chifukwa kafumbi pang'ono kamalowetsa mpweya m'chomatira.

Kenako ndinazimitsa injini, mnzanga n'kumakankha galimoto pang'onopang'ono pamalo osalala. Shutter ndinaiika pa masekondi 2, ndinavalika lenzi fyuluta ya ND (kagalasi kodera) kuti kuwala kusachuluke, ndiponso ndinazimitsa stabilisation ya lenzi (chija chimachepetsa kugwedezeka kwa chithunzi ukamajambula kamera ili m'manja). Kamera ndimaimangiriranso kachingwe, chifukwa chomatira chimatha kumasuka mwadzidzidzi. Paipi imaonekabe pachithunzi, ndipo ndimakaifufuta pa kompyuta.