Momwe wokonda masewero a sayansi a pa TV angapezere ndalama zapadera

Munthu amene wakhala akuonera masewero a pa TV a nkhani zopeka zasayansi kuyambira ali mwana amakhala ndi chuma cha mitundu iwiri, ngakhale kuti kawirikawiri sachiwerengera. Choyamba ndi katundu amene wakhala akuunjikana m'makatoni kwa zaka zambiri, monga magazini, mabuku, zidole, matepi ndi ma DVD. Chachiwiri ndi zimene zili m'mutu mwake, pakuti iye amatha kungoona chithunzi n'kunena chaka chimene chinajambulidwa komanso gawo la sewero limene chinachokera. Zonse ziwiri zikhoza kubweretsa kangachepe, koma musanayambe muyenera kuvomereza mfundo imodzi yowawa, yoti sewerolo si lanu ngakhale mutalikonda bwanji. Dzina lake, zizindikiro zake, maonekedwe a zombo zake za mumlengalenga ndi nyimbo zake ndi za kampani imene inalipanga. Zimene inu mungagulitse popanda mantha ndi katundu weniweni amene munagula, nzeru zanu ndi ntchito yanu.

Khalidwe lopeza ndalama mwa njira imeneyi ndi lakale ndithu. Star Trek inayamba kuonetsedwa pa wailesi ya kanema ya NBC ku America mu 1966, ndipo pofika 1967 otsatira ake anali atatulutsa kale kamagazini kawokawo kotchedwa Spockanalia. Sewerolo linaimitsidwa mu 1969 litangokwana magawo 79, koma pamsonkhano waukulu wa otsatira ake umene unachitikira ku New York mu January 1972 panafika anthu oposa 3,000 pamene okonza ankayembekezera mazana ochepa chabe. Pamisonkhano yotere panayamba kukhala matebulo a malonda, ndipo msika umene ulipo lero pa intaneti unaphukira pamenepo.

Yambani ndi makatoni anu

Tulutsani katundu yense n'kumulemba m'kope kapena pa kompyuta, chinthu chilichonse pamzere wake, ndi dzina la kampani imene inachipanga, chaka chake ndi mmene chilili panopa. Mukatero mugawe milu itatu: zimene simungagulitse zivute zitani, zimene muli nazo ziwiriziwiri, ndi zimene mwakhala zaka osazikhudza. Malonda ayambire pa mulu wachiwiri, chifukwa pamenepo mukalakwitsa mtengo mtima sukupwetekani kwambiri.

Podula mtengo, oyamba kumene ambiri amapusitsika ndi mitengo imene ogulitsa ena akuitanira. Munthu akhoza kulemba mtengo uliwonse umene walota, katunduyo n'kukhala zaka ziwiri osagulidwa. Pa msika wa pa intaneti wa eBay pali posankha kuti muone katundu amene anagulidwa kale ndi mtengo umene anapitira, ndipo pamenepo ndi pamene pali zoona. Yang'anani malonda asanu kapena khumi a chinthu chofanana ndi chanu, musiye wokwera kwambiri ndi wotsika kwambiri, n'kutenga wapakati. Nkhani zonga ya okushoni ya Christie's ya mu 2006, pamene kachombo ka Enterprise-D kamene ankajambulira sewero la Star Trek kanagulidwa madola 576,000 ndipo katundu yense anapitirira madola 7 miliyoni, n'zokoma kuzimva koma zisakusokonezeni. Katundu ameneyo anachokera m'nyumba zosungira za kampani yeniyeniyo, pamene wanu anapangidwa wambirimbiri m'fakitale.

Apa ndi pamene zaka zanu zoonera zimayamba kukulipirani. Tiyerekeze kuti muli ndi chidole cha Spock, wa m'sewero la Star Trek, chimene kampani ya Mego inayamba kugulitsa mu 1974, chotalika mainchesi 8. Wosadziwa angolemba kuti chidole chakale cha Star Trek, koma inu muchitembenuze n'kuwerenga zolembedwa kumsana kwake, mugwedeze miyendo kuti muone ngati lasitiki wam'kati amene amagwira ziwalo wafooka, ndipo muwerenge tizipangizo take tabuluu tija, kamfuti, kolankhulira ndi kopimira, timene ana ankataya tsiku loyamba. Chidole chokhala ndi zonsezi chimasiyana mtengo kutali ndi chopanda, ndipo chimene chikadali m'pepala lake losatsegula chili pamsika wina. Popeza zidole zimenezi zinadzapangidwanso zatsopano m'zaka za pambuyo pake, ndipo tizipangizo tolowa m'malo tilipo tambiri, wogula wodziwa amafuna mumuuze mosabisa ngati chilichonse chili choyambirira.

N'chimodzimodzi ndi mabuku a Doctor Who a kampani ya Target, amene anayamba kutuluka mu 1973 ndipo oposa 60 mwa iwo analemba ndi Terrance Dicks. Matepi a vidiyo asanafale, mabuku amenewa ndiwo anali njira yobwerezera nkhani imene inadutsa pa TV, choncho anasindikizidwa ochuluka ndipo ambiri ndi otsika mtengo mpaka lero. Amene amafunidwa ndi osindikizidwa koyamba komanso ena a kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 amene anatuluka ochepa. Tsegulani tsamba lachiwiri muone kuti linasindikizidwa kachingati, ndipo muyang'ane msana wa bukulo ngati unasuluka ndi dzuwa.

Jambulani katunduyo masana pafupi ndi zenera, pansalu yopanda maluwa, mbali zonse, ndipo pamene pali chilema mujambule chapafupi. Kubisa pong'ambika kumangochedwetsa mkangano, chifukwa katunduyo adzabwezedwa ndipo ndalama yotumizira idzatuluka m'thumba mwanu. Musanalembe mtengo, pimani kulemera kwa phukusi lomangamanga, mufunse mtengo wotumizira, n'kuchotsanso zimene msikawo umadula. Etsy, msika wina wa pa intaneti, mwachitsanzo, imalipiritsa masenti 20 a dola pa chinthu chilichonse chimene mwaika, kenako n'kudula 6.5 peresenti chikagulidwa, osawerengera zolipira potumiza ndalama. Tizinthu totsika mtengo ndi bwino kutigulitsa pamulu, apo ayi phindu lonse limathera pa makatoni ndi selotepi.

Anthu akayamba kudziwa kuti mumatha ntchitoyi, mungamagulitsire ena amene anasiyiridwa katundu wotere ndi achibale awo koma sadziwa mutu wake, inu n'kumatengapo gawo. Gwirizanani gawolo polemba katundu asanachoke m'manja mwa mwiniwake.

Za masiginecha

Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Zithunzi zosainidwa ndi akatswiri a masewerowa zimaoneka ngati malonda ophweka, koma ndi pamene pali chinyengo chochuluka, makamaka pa mayina a amene anamwalira, monga DeForest Kelley mu 1999, Leonard Nimoy mu 2015 ndi Nichelle Nichols mu 2022, popeza sangasainenso. Pali siginecha yosindikizidwa limodzi ndi chithunzi, pali yolembedwa ndi makina, ndipo pali yolembedwa ndi munthu wina. Pendeketsani chithunzicho pa kuwala, ndipo muona kuti inki yeniyeni imakhala pamwamba pa pepala n'kunyezimira mosiyana nalo, pamene yosindikiza imasalala mofanana ndi chithunzi chonse. Satifiketi yotsimikizira payokha si umboni, chifukwa amene angabe siginecha angasindikizenso satifiketi. Ine ndimaona kuti woyamba kumene agulitse okhawo amene anasainitsa yekha pamsonkhano, ndipo asunge tikiti ndi chithunzi cha tsikulo ngati umboni.

Zopanga ndi manja, ndi pamene lamulo limaluma

Kuluka, kusoka zovala za m'masewero, kujambula ndi kuumba tizombo ndi ntchito zimene otsatira ambiri amazitha, ndipo ogula alipo. Vuto ndi loti makampani amalekerera malonda ang'onoang'ono kwa zaka, kenako tsiku lina n'kudzuka. Mu 2013 anthu amene ankaluka ndi kugulitsa pa Etsy chipewa chachikasu ndi cholanje cha Jayne, wa m'sewero la Firefly la mu 2002, analandira makalata owaletsa kuchokera ku kampani ya Fox, mwini wa sewerolo, chipewa chokhala ndi chilolezo chitangolowa pamsika. Anali atachigulitsa kwa zaka popanda wowafunsa, koma kulekereredwa sikunasanduke chilolezo.

Nkhani ya Axanar ndi yaikulu kuposa pamenepo. Otsatira a Star Trek anasonkhanitsa ndalama zoposa madola 1 miliyoni kuti ajambule filimu yawo yotchedwa Axanar, ndipo mu December 2015 makampani a CBS ndi Paramount, eni ake a Star Trek, anawasumira. Mlanduwo unatha mwa kugwirizana mu January 2017, koma usanathe, mu June 2016, makampaniwo anatulutsa malamulo a mafilimu a otsatira: filimu isapitirire mphindi 15, nkhani imodzi isapitirire magawo awiri, ndalama zosonkhetsa zisapose madola 50,000, ndipo filimuyo isakhale yopezera phindu. Kujambula filimu yotere ndi chisangalalo chabwino, koma musakuike pamndandanda wa zobweretsa ndalama.

Njira yosakuikani m'mavuto ndi kupanga zinthu za mtundu wa nkhani zasayansi popanda kutenga dzina, chizindikiro kapena nkhope ya sewero lina lililonse. Zombo zanuzanu, mapulaneti anuanu, mashelefu ndi timabokosi toikamo zidole, kukonza zidole zothyoka, kusintha zovala zogula kale kuti zimukwane mwiniwake, zonsezi ndi ntchito yanu. Ngati mukufunitsitsa kugwiritsa ntchito dzina la sewero, funani malo osindikiza malaya ndi zithunzi amene ali ndi mgwirizano ndi eni ake, ndipo muwerenge mgwirizanowo wonse musanatumize chojambula chanu.

Kugulitsa zimene mukudziwa

Kulemba ndemanga, kufotokoza mbiri ya sewero, kujambula mavidiyo kapena mapulogalamu a mawu okhaokha n'kololedwa, chifukwa maganizo anu ndi anu. Njira imeneyi safuna mpamba wambiri, koma ndi yochedwa kubala kuposa zonse. Kuti muyambe kulandira ndalama za otsatsa malonda pa YouTube ndi mavidiyo ataliatali, mufunika olembetsa 1,000 ndi maola 4,000 oonera m'miyezi 12, ndipo ambiri amatha chaka kapena kuposa asanafikepo. Makina a YouTube otchedwa Content ID amazindikira zidutswa za masewero ndi nyimbo zake, ndipo mwini sewero akhoza kutenga ndalama za vidiyo yanu kapena kuitsekeratu, choncho mawu anu ndiwo achuluke, zidutswa zikhale zazifupi ndiponso zikhale zimene mukuzifotokozadi. Patreon, imene inayamba mu 2013, imalola omvera kumakupatsani kangachepe mwezi ndi mwezi, ndipo omvera ochepa okhulupirika amaposa khamu longodutsa.

Sankhani kagawo kakang'ono kamene mumakadziwa kuposa anzanu. Ofotokoza gawo latsopano tsiku limene latuluka alipo ambirimbiri, koma amene angafotokoze bwino nyimbo za The Twilight Zone ya Rod Serling ya mu 1959, kapena mmene ankapangira zombo zoseweretsa makompyuta asanabwere, ndi owerengeka. Musalonjeze kutulutsa kanthu mlungu uliwonse ngati muli pantchito ina, chifukwa kawiri pamwezi kosaphonya kamasunga omvera kuposa chiphuliphuli cha mwezi umodzi.

Pali ena amene njira imeneyi inawafikitsa patali. Ronald D. Moore anali wotsatira wamba pamene Star Trek: The Next Generation inagula sewero limene analemba mwa kufuna kwake mu 1989, iye n'kukhala mmodzi wa olemba ake, ndipo Russell T Davies, amene anaukitsa Doctor Who mu 2005, anakula akulionera. Komabe amenewa ndi ochepa, ndipo makampani ambiri lero salandira zolemba zimene sanapemphe. Khomo lotseguka ndi la magazini ndi ofalitsa mabuku ang'onoang'ono ofotokoza masewerowa, amene mungawalembere kalata yachidule yonena mutu wanu ndi chitsanzo cha zolemba zanu.

Kusunga mabuku ndi kudziteteza

Lembani ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka kuyambira tsiku loyamba, ndipo mufufuze malamulo a msonkho a dziko lanu, popeza kugulitsa katundu wanu wakale ndi kugula katundu n'cholinga chogulitsanso nthawi zambiri zimaonedwa mosiyana. Muwerengenso maola, chifukwa phindu limene limaoneka lokoma limachepa mukaligawa ndi nthawi imene munathera pojambula, kuyankha mafunso ndi kumanga mapukusi. Wogula akakupemphani kuti mumalizire malonda kunja kwa msika umene munakumanapo, kapena akanena kuti watumiza ndalama zopitirira ndiye mumubwezere zotsala, kanani, ndipo musatumize katundu ndalama zisanaoneke mu akaunti yanu yeniyeni, osati mu uthenga wongonena kuti zalowa. Makope a masewero okopedwa pa ma DVD opanda kanthu musawagulitse, ngakhale sewerolo litakhala losowa pamsika.

Chinthu chimodzi chokha chimafuna kuchitira mosiyana ndi zonse, ndicho mafilimu akale a masewerowa. Doctor Who inayamba pa 23 November 1963, ndipo BBC inafufuta kapena kutaya magawo ambiri a zaka zoyambirira, moti oposa 90 akusowabe. Makope a filimu ya mamilimita 16 ankatumizidwa ku mawailesi a kanema a mayiko ena, ndipo mu 2013 kunalengezedwa kuti magawo asanu ndi anayi osowa apezeka mumzinda wa Jos ku Nigeria. Mukapeza chitini chafulati cha filimu chokhala ndi dzina la sewero lakale, musachiike m'makina oonetsera chifukwa filimu yakale imathyoka msanga, ndipo mukamva fungo la viniga dziwani kuti yayamba kuwonongeka. Jambulani zolembedwa pachitinicho, muchisunge pamalo ozizira ndi ouma, n'kulembera a BBC kapena a British Film Institute, bungwe losunga mafilimu ku Britain, musanakambe za mtengo ndi wina aliyense.