Ndalama za kafukufuku ndi makina a kunja, mupemphe bwanji

Anzanga a ku UNIMA, MUST, LUANAR, Mzuni, MUBAS kaya KUHeS, ambiri muli ndi mafunso abwino zedi koma labu ilibe makina, ndalama nazo palibe, ndiye mumangokhala. Ndalama zilipo ndithu, komanso kunja kuli makina akuluakulu amene mungagwiritse ntchito osalipira, bola mudziwe kapemphedwe kake.

Yambani ndi funso, ndipo likhale laling'ono. Mukalemba kuti mukufuna kuthetsa kunyentchera m'Malawi muno owerenga pulopozo angoyiika pambali. Koma taonani ichi: chimanga cha madera ambiri kuno chimakhala ndi selenium (mchere wina wofunika m'thupi) wochepa chifukwa dothi lake ndi la asidi, pomwe cha malo ena ku chigwa cha Shire chimakhala naye wambiri, ndiye inu mukuti mutenga dothi mbali ziwirizi muone kuti selenium ameneyu akumangika ku chiyani kuti mbewu izilephera kumutenga. Apa munthu akuona ma sampulo, akuona makina ofunika, akuonanso tsiku lomwe mumalize. Funso lotere ndi lomwe limapatsidwa ndalama.

Kopempha nkwambiri. TWAS, akademi ya sayansi yothandiza mayiko osauka yomwe ili ku Trieste ku Italy, imapereka ma grant ogulira zipangizo ndi mankhwala a mu labu kwa asayansi a mayiko ngati lathuli. Azimayi amene muli ndi PhD musagone, OWSD, bungwe la azimayi asayansi a m'mayiko osauka, ili ndi fellowship yofika madola 50,000. A physics ndi masamu yang'anani ICTP, malo a kafukufuku wa maphunziro amenewa ku Trieste komweko. Kwathu kuno muzisuzumira pafupipafupi zolengeza za NCST, bungwe la boma loona za sayansi ndi tekinoloje ku Lilongwe. Musanalembe kalikonse werengani kaye malamulo a amene akuyenera kupempha, zaka zakubadwa, digiri, komanso ngati akufuna kalata ya abwana a dipatimenti, ndipo kalatayo ipempheni msanga chifukwa siginecha imatha kukudyerani masabata.

Bajeti ndi pamene ambiri amagwera. Lembani mu madola kapena ndalama yomwe opereka akugwiritsa ntchito, mukukumbuka kuti mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, amene anawerengera mu makwacha anangoona ndalama yogulira zipangizo yasungunuka. Tengani ma kotesheni enieni kwa ogulitsa, ikanimo mtengo wotumizira katundu ndi woombolera ku kasitomu, ndipo funsani ofesi ya kafukufuku ya pa yunivesite yanu kuti imadula zingati pa grant iliyonse.

Tsopano za makina aja. Pali chimakina chotchedwa synchrotron, chimatulutsa ma X-ray amphamvu kwambiri moti mumatha kuona mmene ma atomu akhalira mu dothi, mu mwala kaya mu puloteni ya kachilombo. Mu Africa monse muno mulibe ngakhale chimodzi. Chilipo ku Grenoble ku France, ndiye ESRF, kuli Elettra ku Trieste, Diamond ku UK, ndi SESAME ku Jordan yomwe inatsegulidwa mu 2017. Nthawi ya pa makinawa amaitcha beamtime, ndipo ndi yaulere ngati pulopozo yanu yadutsa komanso zotsatira mudzazisindikiza poyera. Malo ambiri amalandira ma pulopozo kawiri pa chaka, amagawa nthawi mu mashifiti a maola 8, ndipo pulopozo yake ndi yaifupi, masamba ochepa chabe.

Chomwe ndikukupemphani kwambiri ndi ichi: musanatumize, lembani imelo kwa wasayansi woyang'anira beamline yomwe mukufunayo, kutanthauza malo oyezerapo ma sampulo pa synchrotron, poti pamakhala malo otere ambiri. Maina awo ali pa webusaiti. Muuzeni sampulo yanu ndi yotani, mwayeza kale chiyani pa labu ya kwanu, ndipo mufunseni ngati makina ake angaone zomwe mukufunazo ndi mashifiti angati omwe mungapemphe. Musachite manyazi ayi, imeneyi ndi ntchito yawo, ndipo iwowa ndi amene amauza komiti ngati ntchito yanu ndi yotheka. Mu pulopozomo nenani mosabisa chifukwa chomwe makina wamba sangayankhire funso lanu.

Makina ndi aulere koma ndege si yaulere. ESRF imalipirira ulendo anthu ochokera ku mayiko omwe amasonkha ndalama kumeneko, South Africa inalowa nawo mu 2013, ife ayi, ndiye pezani mnzanu wa ku yunivesite ya ku South Africa kapena ku Ulaya mulembere limodzi, apo ayi ikani ulendowu mu bajeti ya grant ija. Funsaninso ngati amalola kungotumiza ma sampulo iwo n'kukuyezerani.

Za mapepala musazisiye kumapeto. Ngati kafukufuku akukhudza anthu kapena magazi, chilolezo cha komiti yoona kuti kafukufuku akutsata malamulo, monga COMREC ya ku KUHeS kapena NHSRC ya ku unduna wa zaumoyo, chimafunika musanayambe, ndipo sampulo yotuluka m'dziko imafuna Material Transfer Agreement, kalata ya mgwirizano wa otumiza ndi olandira sampuloyo, yosainidwa mbali zonse ziwiri. Viza nayo yambani kuithamangira tsiku lomwe akupatsani deti. Akakukanani pemphani ndemanga za owerenga, konzani zomwe anena, ndipo mutumizenso pa chilengezo chotsatira.