Chipewa cha khanda kuzizira kusanafike

Amayi oluka, June ndi July muno mu Lusaka kumazizira, yambani msanga. Ku msika wa Kamwala gulani ulusi wa DK (wokhuthala mwapakatikati) wa magalamu 50 ndi singano za 4mm. Yang'anani nambala ya mtundu papepala la mpukutu, chifukwa ulusi wooneka wofanana m'sitolo umasiyana padzuwa.

Ikani masitichi 64, mulukire mphepete yotanuka masentimita 4, kenako mupitirize kufika masentimita 10. Pamenepo yambani kuchepetsa: lumikizani masitichi awiri pamodzi kasanu ndi katatu pamzere, mzere wotsatira osachepetsa.

Mzere woyamba ndiwo umavuta. Mukaumangitsa, chipewa chimakana kulowa m'mutu, mwana n'kumalira. Gwiritsani singano yokulirapo poyambapo. Pochapa, madzi ozizira basi, osafinya, ndipo muyanike chogoneka.