Fani ya kudenga ya tcheni ija, kakokedwe kake ndi aka

Okutobala akafika aliyense amakumbukira kuti kudenga kuli fani. Miyezi yonseyi inangokhala kangaude n'kumangapo nyumba, lero chitungu chavuta ndiye munthu wakwera pampando akukoka tcheni ngati akutunga madzi pachitsime. Mafani ambiri a tcheni amafera pomwepo, pa kakokedwe basi.

Ine ndinakulira pa mafani a regyuleta ya pakhoma aja, umangopotokola kuyambira 1 mpaka 5 nkhani yatha. Nde nditalowa nyumba ina ya lendi ndinapeza fani ya mapiko asanu, ili ndi getsi pakati ndi timatcheni tiwiri tikulendewera, alandilodi anabwera nayo kuchokera ku Joni. Sabata yathunthu ndinkagona thukuta lili kamukamu ndikuganiza kuti ndi yakufa, chonsecho ndinkangoizimitsa ndekha.

Choyamba yatsani swichi ya pakhoma. Musaseke, ambiri amaiwala. Mafani ambiri amalumikizidwa ku swichi yomwe kale inali ya babu, ndiye ikakhala yozimitsa olo mukoke tcheni mpaka mawa palibe chichitike.

Timatcheni tikakhala tiwiri, kamodzi ndi ka getsi kenako ndi ka fani. Ka getsi kalibe nkhani, kukoka kamodzi layaka, kukokanso lazima. Nthawi zambiri kamatulukira m'munsi pafupi ndi galasi la babu, pomwe ka fani kamatulukira cha m'mwamba pang'ono pa kabokosi kali pansi pa mota. Mukangodziwa kuti aka ndi kati mangirirani kansalu kapena kamkanda pa kamodzi, chifukwa usiku mumdima tonse timafanana ndipo palibe chopweteka ngati kuyatsira getsi kumaso kwa mwana amene wangogona kumene.

Tsopano tcheni cha fani. Mkatimo muli kaswichi kozungulira, mukakoka kamalira kuti tha n'kusuntha sitepe imodzi. Pa mafani ambiri, ikakhala yozima, kukoka koyamba ndi liwiro lalikulu, kachiwiri lapakatikati, kachitatu laling'ono, kachinayi yazima. Kenako zimayambiranso pomwepo, palibe kubwerera m'mbuyo, ngati muli pa laling'ono mukufuna lapakati muyenera kudutsa kozima ndi kwa lalikulu kaye. Alipo ena oyambira pa laling'ono, ena a maliwiro anayi, nde yanuyo iwerengeni tsiku limodzi muidziwe.

Pomwe ndinkalakwitsa ine ndi apa. Mapiko aja ndi olemera, sayamba nthawi yomweyo ndipo saima nthawi yomweyo. Ndinkakoka kamodzi, ndikaona kuti sikuthamanga ndikokanso, ndikokanso, tha tha tha tha, kanayi, ndabwerera pa zilo osadziwa. Pozimitsa ndi chimodzimodzi, mwakoka yazima kale koma mapiko akadazungulirabe, inu mukuti sinamve mukokanso, mwaiyatsanso pa liwiro lalikulu. Kokani kamodzi, chotsani dzanja, werengani mpaka 10 kapena 15, muone chomwe yachita. Mukasokonezeka osadziwa kuti muli pati, mverani mota: ikamalira kuti mmmm ndiye kuti ili moyo, ikangoti zii mapiko n'kumachepa mphamvu ndiye kuti mwazimitsa.

Pokoka gwirani ndi zala ziwiri, kokerani pansi molunjika, mukangomva kuti tha siyani. Osakokera cham'mbali muli gone pabedi, tcheni chimakhulana ndi m'mphepete mwa kabowo komwe chimatulukira, timipira ta tchenicho timadyeka mpaka tsiku lina chimangoduka, ndipo chimakonda kudukira mkati komwe simungachifikire. Mlamu wanga anachita zimenezi, kukoka ali chigonere ndi mphamvu ngati akukoka mbuzi yokana kulowa m'khola, anangotsala ndi tcheni m'manja fani ikuthamanga pa liwiro lalikulu. Masiku atatu tinkazimitsira pakhoma. Ngati tcheni n'chachifupi onjezerani china, pamakhala kolumikizira kakang'ono komwe mumangokanikizamo kampira komaliza, olo ulusi wolimba umagwira. Bola chisatalike kwambiri mpaka ana azichifikira, kwa iwo ndi katungwe.

Chinthu china chomwe anthu ambiri sachidziwa n'komwe: pambali pa mota pamakhala kaswichi kakang'ono, nthawi zambiri kakuda, kosunthira m'mwamba ndi pansi kapena uku ndi uku. Kameneko kamatembenuza komwe mapiko akulowera. Nyengo yotentha, mukaima pansi n'kuyang'ana m'mwamba, pa mafani ambiri mapiko azizungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi, apo mphepo imatsikira pa inu. Koma za wotchizi zisakuzunguzeni mutu, ingoimani pansi pake, ngati kamphepo kakukuwombani pamutu zili bwino. Ngati fani ikuthamanga zedi koma inu simukumva kanthu, sikuti yatha mphamvu ayi, wina anagunda kaswichi kaja popukuta. Mbali inayo ndi ya nyengo yozizira, fani imakokera mpweya m'mwamba n'kukankhira wofunda uja womwe umakhala kudenga kuti utsikire m'makoma, ndipo imafunika pa liwiro laling'ono. Kunena zoona zimenezo n'za anzathu a ku Johannesburg kapena ku UK omwe amayatsa hita m'nyumba, mwinanso a ku Dedza mu Juni. Wa ku Nsanje kapena Mangochi kaswichi kameneko akaike pa yotsitsa mphepo n'kukaiwala. Chachikulu, osakasuntha fani ikuyenda. Zimitsani, dikirani mapiko aime okha, osawagwira ndi tsache, ndiye mukwere.

Za mayunitsi musade nkhawa kwambiri. Fani ya kudenga yabwinobwino imadya mawati cha m'ma 50 mpaka 75 pa liwiro lalikulu, ndiye olo titenge 75, maola 8 a usiku ndi 0.6 ya yuniti, sikwana n'komwe yuniti imodzi. Ketulo ya magetsi imakoka cha m'ma 2000. Koma fani siziziritsa chipinda, imangoumitsa thukuta pakhungu ndiye inu mumamva kuzizira. Kuisiya ikuzungulira m'chipinda mopanda munthu kuti mukapeze mwazizira n'kutaya mayunitsi chabe. Magetsi akathima, tcheni chimakhalabe pomwe munachisiya, akabwera fani idzayamba yokha, nde ngati mukuchoka zimitsani pakhoma.

Neti ya udzudzu nayo samalani nayo. Yozungulira ija yokoleka kudenga isakhale pafupi ndi mapiko, ikangokodwa mumva kuti phwee usiku, neti yang'ambika zingwe zakulungana pa mota. Ndipo fani isakupusitseni kuti musiye kugona mu neti, mphepo imasokoneza udzudzu inde koma magetsi akathima 2 koloko m'bandakucha mudzadzuka mutalumidwa. Mapiko akhale osachepera mamita 2.1 kuchokera pansi, ndipo bedi lamtundu wosanjikiza lija lisayandikire.

Kupukuta, tengani pilokesi yakale, lowetsani phiko limodzi mkati n'kukoka pang'onopang'ono, fumbi lonse limatsalira m'pilokesimo osakugwerani m'maso. Osatsamira phiko, likapindika pang'ono chabe fani imayamba kugwedera. Ikamagwedera yambani mwamanga masikuluwu ogwira mapiko, ambiri amakhala angomasuka. Ikapitiriza tengani pegi yoyanikira zovala, ipanitseni pakati pa phiko limodzi, yatsani muone, kenako phiko lina, mpaka mupeze pomwe kugwedera kwachepa, pamenepo matani kakobidi pamwamba ndi tepi yolimba. Koma ngati ikugwedera kuyambira kudenga komwe yamangiriridwa, zimitsani muitane wa zamagetsi, fani simangiriridwa pa siling'i bodi, imafunika thabwa lolimba la denga.

Ikamangolira mmmm osazungulira mpaka muikankhe ndi ndodo, kapena maliwiro onse afanana ngati a nkhono, kawirikawiri ndi kapasita, kabokosi kakang'ono kakuda kali ndi mawaya, ndi kotsika mtengo kuyerekeza ndi fani yatsopano. Pogula tengani yakaleyo manambala ake afanane. Tcheni chikadukira mkati amasintha kaswichi konse, ndipo ngati mukuchita nokha zimitsani pa meni swichi osati pakhoma pokha, kenako jambulani ndi foni mawaya musanawazule. Pa kaswichiko pamalembedwa L, 1, 2, 3, mukasinthanitsa mupeza laling'ono lasanduka lalikulu. Ngati simunagwirepo waya, musayambire pamenepa.

Ndipo achibale a ku America akafuna kukutumizirani fani yokongola ya tcheni, afunseni kaye za mavoti, mphamvu ya magetsi yomwe faniyo imafuna. Kumeneko magetsi awo ndi 120, kuno ndi 230, mukangolumikiza mumva fungo la kupserera tcheni musanachikoke kachiwiri. Ya ku Joni ndi ya ku UK zilibe vuto, mavoti ndi amodzimodzi ndi athu.